Khola lachitsulo lokolera vumbwe: limagwira ndithu, koma chogwirira chake n'choopsa

Oweta nkhuku a m'mphepete mwa phiri la Dedza ndi nkhalango ya Chongoni akuwadziwa bwino vumbwe, likongwe ndi msulu. Owotcherera zitsulo ena pa boma amapanga khola lokolera nyama zimenezi zamoyo: mafelemu achitsulo, waya kuzungulira, kachitsulo kopondapo mkati, ndi chitseko chogwa chokha nyama ikafika pa nyambo. La masentimita 80 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu limakwanira nyama zitatuzi. Nkhandwe siilowamo, ndipo za fisi musaganize n'komwe.

Poyerekeza ndi msampha wa waya wokola m'khosi, kholali lili kutali. Nyama ya pa waya imakhala yovulala, yolusa, ndipo womasula amaika dzanja pakamwa pake penipeni. Chiwewe chimayenda m'malovu, polowera pake ndi bala la mano, chilonda chakale, maso kapena pakamwa. Khola limaika chitsulo pakati pa inu ndi manowo, n'chifukwa chake ndikulivomereza.

Koma ambiri amatuluka kwa mmisiri ali ndi vuto limodzi lalikulu. Chogwirira chimawotchereredwa pamwamba pa waya, moti ponyamula zala zimalendewera sentimita imodzi kapena ziwiri kuchokera pamphuno ya nyama. Msulu umalumphira pomwepo. Muuzeni mmisiri aike lata ya masentimita 20 mbali zonse pansi pa chogwiriracho, ndipo achikweze. Akamati n'zosafunika, kagulani kwina.

Wayanso muuyang'ane. Wa khola la nkhuku uja ndi wofewa, vumbwe amaufutukula usiku umodzi. Pamafunika waya wowotcherera, wa maso osaposa masentimita 2.5, kuti dzanja la nyama lisatulukire. Chitseko chikhale ndi kachitsulo kochitsekera chikagwa, apo ayi khola likagubuduka chimatseguka chokha. Yesani musanalipire: pondani kachitsulo kamkati ndi ndodo kakhumi, chitseko chigwe kakhumi. Ndi chinyezi cha kuno, dzimbiri silichedwa, choncho pakani girisi m'njira ya chitseko.

Musanatche, dziwitsani mlangizi wa ziweto kapena a nthambi yoona nyama zakutchire, pakuti kukola nyama kuli ndi malamulo ake. Mukatcha, kaoneni m'mamawa uliwonse. Yakodwa? Ana ndi agalu atalikire kaye. Valani magolovesi achikopa ofika m'chigongono, aja a owotcherera, ndi magalasi, kenako fundikani khola lonse ndi chisaka. Mumdima nyama imadekha. Kunyamula kwabwino n'kupisa mtengo pachogwirira, anthu awiri, wina uku wina uku. Magolovesi amachepetsa bala chabe, dzino la vumbwe limatha kubowola, ndiye asakupatseni mtima wopisa dzanja mkati.

Nyama yotuluka dovu, yoluma waya mpaka kukha magazi m'kamwa, yodzandira miyendo yakumbuyo, kapena yofatsa modabwitsa ngati yoweta, musaimasule ndipo musaisende, pakuti ikhoza kukhala ndi chiwewe. Yofatsayo ndi imene imapusitsa anthu. Itanani a vetenale. Ikafunika kuphedwa, mutu usaphwanyidwe, chifukwa chiwewe amachipima mu ubongo, ku labotale ya ziweto ku Lilongwe. Masiku 10 oyang'anira galu woluma munthu sagwira ntchito pa nyama yakutchire.

Ikakulumani kapena kukukalani, ngakhale pang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15 zathunthu, osalimanga mothina, osapakapo zitsamba. Tsiku lomwelo uzani a vetenale ndi kupita kuchipatala cha boma cha Dedza, kapena cha Ntcheu ngati muli cha ku Lizulu ndi Tsangano. Katemera wa chiwewe amabayidwa kangapo, kuyambira tsiku loyamba, kenako la 3 ndi la 7, ndi ena onse amene adokotala alemba. Musalekeze panjira bala likapola. Matendawa amabisala m'thupi miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina mpaka chaka, ndipo zizindikiro zikangooneka munthu sachira.

Khola lotuluka nyama litsukidwe ndi sopo ndi Jik mutavalabe magolovesi, liumitsidwe padzuwa. Chisaka chija chitentheni.