Galasi lotchingira foni la pa msika wa Kasungu

Amene mumagula magalasi otchingira nkhope ya foni pa msika wa Kasungu, lija lolembedwa 9H ine ndalipatsa mamalikisi apakati. Mnyamata wogulitsayo amamata bwino, amayamba wapukuta foni ndi kansalu ka spiriti, ndipo sasiya mpweya pansi. Pamenepo ndilibe naye mlandu.

Koma akuti, "Bwana, ili adaliviika m'madzi ozizira lili moto, silisweka." Ayi achimwene. Galasi lochindikala, ngati la m'mawindo a minibasi, amaliotcha kupitirira madigiri 600 kenako nkuliuzira mphepo yamphamvu. Kunja kumauma msanga, mkati nkumakoka pozizira, ndiye limalimba. Lopyapyala limazizira lonse nthawi imodzi, choncho njirayi siligwira bwino. Labwino amaliviika mu mchere wa potaziyamu wosungunuka pa madigiri pafupifupi 400, monga kampani ya Corning imachitira ndi galasi lake la mafoni lotchedwa Gorilla Glass.

Langali pakati ndi lolimba ndithu, makiyi m'thumba sanalikande. M'mphepete ndiye mwayamba kale kubenthuka, makamaka pakona. 9H ija ndi muyeso chabe wosonyeza kuti pensulo yolimba kwambiri singakande galasilo, sikutanthauza kuti foni ikagwa pa simenti ipulumuka.