MyFlightbook: komwe kunapulumukira maola anga 31.4

Ndikulemba izi ndili kwathu ku Nkhotakota, ndipo papita nthawi ndisanagwire chiwongolero cha ndege. Ndinkaphunzira ku South Africa, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe bambo ankapeza pogulitsa mpunga sizinathenso kugula ma rand okwanira. Ndinabwerera kumudzi ndili ndi maola 31.4. Laisensi yoyamba yoyendetsera ndege, yotchedwa PPL, kumeneko imafuna maola 45.

Kwa wophunzira ndege, ola lomwe silinalembedwe mu logbook, buku lolembamo maulendo a ndege, ndi kusayinidwa ndi mphunzitsi lili ngati sunaliuluke n'komwe. Mzere uliwonse m'bukumo ndi matumba ampunga omwe bambo anakweza pa lole. N'chifukwa chake usiku wina mvula ya Febuluwale itadontha padenga n'kunyowetsa chikwama changa pansi pa bedi, ndinalira ngati pamaliro. Inki inali itamwazikana masamba atatu, ndipo tsamba la tsiku lomwe ndinauluka ndekha koyamba linali limodzi mwa amenewo.

Chinandipulumutsa ndi MyFlightbook, pulogalamu yosungira logbook yomwe mphunzitsi wanga anandiuza kuti ndiike pafoni sabata yoyamba. Ndinkaiona ngati ntchito yobwereza, kulemba papepala kenako pafoni. M'mawa mwake nditaitsegula, zonse zinalimo: tsiku, nambala ya ndege ya Cessna 172 yoyamba ndi ZS, komwe tinanyamukira, kangati ndinatera, maola a dual (ouluka ndi mphunzitsi) ndi a solo (ouluka ndekha), ngakhale mawu omwe mphunzitsi analemba pa tsiku lina la mphepo yopingasa, oti ndizipondereza msanga rudder, chiwongolero cha kumchira kwa ndege choyendetsa ndi mapazi.

Choyamba chomwe ndimaikondera n'chakuti ndi yaulere, amene wafuna amangopereka kangachepe mwa kufuna kwake. Anzanga ena ankagwiritsa ntchito LogTen kapena ForeFlight, zokongola ndithu, koma zimafuna iPhone kapena iPad komanso kulipira m'madola. Ine foni yanga ndi Tecno, ndipo aliyense amene anaimapo pamzere kufuna forex akudziwa kuti madolawo sapezeka wamba. MyFlightbook imayenda pa Android, pa iPhone, ndiponso pa kompyuta iliyonse yokhala ndi intaneti. Bandulo simadya yambiri.

Pomwe imandithandiza kwambiri ndi pa masamu. Maola a ndege timawalemba m'magawo khumi, moti 1.3 ndi ola limodzi ndi mphindi 18, osati mphindi 30 monga ambiri amaganizira. Ukamaphatikiza pamanja pansi pa tsamba, wotopa, kulakwitsa sikuchedwa, ndipo cholakwa cha tsamba limodzi chimayenda nawe mpaka kumapeto kwa buku. Pulogalamuyi imaphatikiza yokha n'kukuuza maola a dual angati, a solo angati, a cross-country (maulendo opita ku mabwalo ena akutali) angati. Nditafananitsa ndi buku langa ndinapeza kuti ndinadzibera 0.4 patsamba lachiwiri. Wina anganene kuti n'zochepa, koma mphindi 24 za ndege ndi ndalama zoti amayi angagulire ndiwo mwezi wathunthu.

Mphunzitsi amathanso kusayina ulendo uliwonse pafoni pomwepo, ndipo ukamulola amaona logbook yako ali kutali. Wanga amaionabe ndili kuno kunyanja. Ndiye anandikumbutsa kuti chachikulu chomwe chanditsalira ndi ulendo wautali wa ndekha, wa makilomita osachepera 270, wotera pa mabwalo awiri osiyana. Ndinawafotokozera bambo kuti mtundawo ukuposa kuchoka kuno kudzera ku Salima mpaka ku Lilongwe, iwo n'kungogwira pakamwa.

Zina muyenera kuzidziwiratu. Inapangidwa ku America, choncho zambiri zimatsata malamulo a FAA, bungwe loyang'anira za ndege kumeneko, ndipo wophunzira kwina ayenera kukhala pansi n'kuikonza kuti igwirizane ndi komwe akuphunzira. Malo olembamo ndi ochuluka, tsiku loyamba maso amazungulira. Musamalenso nthawi: m'ndege timayendera nthawi ya padziko lonse ya UTC, yomwe ili kumbuyo kwa nthawi yathu ndi maola awiri, ndiye sankhani imodzi n'kukhala nayo. Pulogalamuyi ili ndi njira yoti GPS izidziwa yokha pomwe mwanyamuka ndi kutera, koma ine ndimatsimikizabe ndi zomwe talemba ndi mphunzitsi tikazimitsa injini.

Buku la pepala musalitaye. Musanadalire siginecha ya pafoni, funsani sukulu yanu ndi akuluakulu opereka laisensi ngati amailandira. Ine sukulu yanga inanditsimikizira kuti masamba onyowa aja ndiwalembenso kuchokera m'pulogalamu, mphunzitsi adzasayinenso ndikabwerera.

Kwa wophunzira wa kuno kwathu, makamaka amene maphunziro ake amaduka-duka chifukwa cha ndalama ngati ine, ndinganene kuti aiike asanauluke ngakhale ola loyamba, ndipo azilemba tsiku lomwelo. Ine ndinakoperanso zonse mu fayilo ya CSV n'kudzitumizira pa imelo, kenako ndinapita pa boma kukasindikiza masamba anayi. Amayi anawakulunga m'pepala la pulasitiki n'kuwaika m'sutikesi momwe amasungamo satifiketi yanga ya MSCE. Mpunga wa chaka chino ukagulidwa bwino, ndibwerera kukamaliza maola 13.6 otsalawo.