Zimene mliri unasintha m'nyumba za okalamba kuno ku England

Abale anga a ku Mangochi, a pa boma, a ku Namwera ndi a ku Makanjira komwe, ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za ntchito ya care imene ndimagwira kuno. Ena mukufuna kudziwa ngati mwayi wobwera ukadalipo, ena mumangodabwa kuti zimatheka bwanji munthu kukasiya mayi ake omubereka m'manja mwa anthu achilendo. Sindingayankhe bwino popanda kuyambira pa Covid-19, poti malamulo amene tikuyendera lero anachokera m'nthawi imeneyo.

Kumene ndimagwira timasunga agogo amene sangathenso kudzisamalira. Timawasambitsa, kuwadyetsa, kuwamwetsa mankhwala ndi kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda. Ambiri ali ndi matenda oiwalaiwala, moti mwana wawo weniweni amamuitana ndi dzina la mchemwali wawo amene anatisiya kalekale. Bungwe loyendera nyumba zoterezi ndi Care Quality Commission, ife timangoti CQC.

Mu March 2020 zitseko zinatsekedwa, achibale onse anauzidwa kuti asabwerenso. Chopweteka n'chakuti khomo lina linasiyidwa pululu. Boma linkafuna mabedi m'zipatala, ndiye okalamba ankatulutsidwa n'kutumizidwa m'nyumba ngati yathu osayezedwa. Lamulo loti aliyense ayambe wayezedwa linadza pakati pa April, matenda atalowa kale m'nyumba zambiri. Mu April 2022 khoti lalikulu la ku London linagamula kuti boma linalakwa posaganizira kuti munthu wooneka bwinobwino akhoza kupatsira ena. Chigamulocho chinali cholondola, koma chinapeza ambiri ali m'manda.

Kenako malangizo anayamba kugwa ngati mvula ya mu January. Ukafika pa shifiti, manijala wamata pepala latsopano pakhoma. Masiki, magolovesi ndi epuloni, ndipo magolovesi ndi epuloniyo uzisintha ukachoka kwa gogo mmodzi kupita kwa wina. Kuyezetsa Covid-19 kwa PCR, kumene zoyezazo zimatumizidwa ku labu, sabata iliyonse, kenako anawonjezera tizipangizo todziyezera wekha m'mphuno. Gogo wochokera kuchipatala ankakhala yekha m'chipinda masiku 14. Matenda akapezeka m'nyumba, poyamba tinkawerenga masiku 28 kuchokera pa wodwala womaliza tisanati mliri watuluka. Mu May 2020 boma linatulutsa mapaundi 600 miliyoni othandizira kuti wantchito amene wabindikira alandirebe malipiro ake, komanso kuti tisamayende nyumba zingapo. Limeneli ndi lamulo limene ndinaliyamikira kwambiri, chifukwa wosauka sabisa matenda mwadala, amabisa poopa kugona ndi njala. Inunso mukukumbukira kuti khoti la kwathuko linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 mu April 2020, anthu akudandaula za chakudya chomwechi.

Koma chimene sindidzaiwala ndi mazenera. Achibale ankaloledwa kuima panja, gogo ali mkati pa njinga yake ya olumala, galasi pakati. Kwa munthu wamutu wabwino zimenezi n'zopiririka. Kwa gogo woiwalaiwala, amene amazindikira mwana wake pomugwira dzanja ndi kumva fungo lake, kunali kumuzunza. Panali agogo ena aakazi amene mwana wawo ankabwera masana aliwonse kudzawadyetsa mliri usanayambe. Atamuletsa kulowa, agogowo anayamba kukana chakudya. Ife tinkayesetsa, koma pakamwa pathu panali masiki, mawu athu achilendo, ndipo iwo ankangotembenuzira nkhope kukhoma. Covid-19 sanawagwire ayi. Ankangouma tikuona, zovala n'kumakhwepa. Tinkawaonetsa mwana wawoyo pa foni, iwo n'kumafunafuna kuseri kwa foniyo kuti ali pati.

Pa 8 March 2021 m'pamene lamulo linalola mlendo mmodzi wolembetsedwa kuti azilowa, atayezedwa komanso atavala zodzitetezera. Kugwirana dzanja kunaloledwa, kukumbatirana ayi. Mu April anakhala awiri, mu May asanu, ndipo malire anachotsedweratu pa 31 January 2022. Agogo aja anayambanso kudya mwana wawo atabwerera, koma mphamvu za miyendo sizinabwererenso. Maganizo anga ndi akuti kutseka kwa masabata oyambirira kunali koyenera, poti palibe ankadziwa matendawa. Kutseka mpaka chaka chathunthu kunali kulakwa, chifukwa mwana wodyetsa mayi ake si mlendo, ndi wosamalira mnzathu, ndipo akanatha kumuyeza monga ankatiyezera ife.

Nkhani ya katemera ndi imene inatsegula njira imene mukuifunsayi. Okhala m'nyumba za okalamba ndi antchito ake tinaikidwa m'gulu loyambirira kubayidwa kuyambira December 2020. Pa 11 November 2021 linabwera lamulo loti wosabayitsa asagwirenso ntchito m'nyumbazi. Anzathu ena anachoka, ndipo ngakhale lamulolo linathetsedwa pa 15 March 2022, si onse anabwerera. Antchito anali operewera kale, ndiye mu February 2022 boma linalola kuti osamalira okalamba azilembedwa kuchokera kunja. M'pamene anthu ambiri a ku Africa anabwera. Kuyambira pa 11 March 2024 wobwera pa visa imeneyi analetsedwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo pa 22 July 2025 njira yolemba anthu atsopano kuchokera kunja inatsekedwa. Choncho wina akakuuzani kuti mugulitse puloti kapena bwato ndi chilimira kuti akupezereni ntchito ya care ku England, chonde musapereke ndalama zanu.

Pa 6 April 2024 kunayamba kugwira ntchito lamulo limene CQC imayendera, loti nyumba ya okalamba izilola achibale kudzaona munthu wawo, pokhapokha patakhala chifukwa chachikulu zedi. Nditaliwerenga ndinaganiza za kwathu. Anganga athu amagona pakhomo pomwepo, adzukulu akusewera pakhonde, anansi akudutsa kudzawalonjera pochokera kumzikiti kapena kutchalitchi. Chimene kuno anachita kuchilemba m'malamulo anthu atavutika, inu muli nacho kale. Chimene sitichita bwino ndi chinacho, chimene ndaphunzira kuno. Timalola mwana wachifuwa kugona mphasa imodzi ndi agogo. Timadyera mbale imodzi titasamba m'beseni limodzi lopanda sopo. Mankhwala a BP ndi a shuga amatha osadziwika kuti atha liti, poti palibe amalemba.

Ndiye achemwali, inu amene mukukhala ndi amayi, pempho langa ndi ili. Mugule kope, muzilembamo mankhwala amene amwa ndi nthawi yake, komanso ngati adya kapena akana. Wina akayamba kukhosomola pakhomopo agone kwina, koma amayi musawatsekere okha m'nyumba. Atulutseni akhale pamthunzi panja pomwe mphepo ikupita, wowadyetsa asambe m'manja ndi sopo pa madzi othira, ndipo akhale munthu amene iwo anamuzolowera. Akayamba kubanika kapena kukana chakudya masiku awiri, musadikire kuti mundiimbire kaye. Pezani galimoto mupite nawo kuchipatala cha pa boma, ya transipoti ndidzatumiza.