Percy Jackson, ana a Kane kapena Sunny wa ku Nigeria: muyambe ndi buku liti?

Ndalama ikangokwana buku limodzi, ndiye patsogolo panu pali The Lightning Thief, The Red Pyramid ndi Akata Witch, dzanja ligwere pati? Ambiri pa intaneti amayankha msangamsanga kuti Percy Jackson. Ine ndimavomereza, koma osati kwa aliyense. Mabuku atatuwa amayamba mofanana: mwana wa zaka 12 kapena kupitirirako pang'ono amadzidzimuka kuti nthano zakale si nthano chabe, ndipo iyeyo ali m'kati mwake. Kwa ife, chowasiyanitsa chachikulu ndi mtunda umene ulipo pakati pa wowerenga ndi nthanozo. Zina zili kutali moti timangoseka. Zina zili pafupi moti ukamawerenga usiku umayamba kumvetsera zimene zikuchitika panja.

Rick Riordan, wolemba mabuku a Percy Jackson, anali mphunzitsi ku San Antonio, m'chigawo cha Texas ku America. Mwana wake wamwamuna ankavutika kuwerenga chifukwa cha dyslexia komanso anali ndi ADHD, vuto lija lolephera kukhazikika pa chinthu chimodzi. Bamboyo ankamufotokozera nthano za Agiriki pokagona, ndipo zitamuthera anayamba kupeka zake. M'menemo ndi m'mene munachokera Percy, ndipo buku loyamba, The Lightning Thief, linatuluka mu 2005. Mabuku ena anayi anatsatira chaka ndi chaka mpaka The Last Olympian mu 2009.

Chimene Riordan anachita bwino n'kusamutsira milungu ya Agiriki ku America wa lero, n'kuiveka zovala za kumeneko. Phiri la Olympus, kwawo kwa milunguyo, lili pa nsanjika ya nambala 600 pamwamba pa Empire State Building ku New York. Khomo lolowera kwa akufa lili ku Los Angeles. Ares, mulungu wa nkhondo, amayenda pa njinga yamoto. Medusa, uja amene womuyang'ana kumaso amasanduka mwala, ali ndi shopu yogulitsa ziboliboli zokongoletsera pabwalo, ndipo simuchedwa kuzindikira kumene katundu wake amachokera. Percy ndi mwana wa Poseidon, mulungu wa nyanja, ndipo akumunamizira kuti waba mphezi ya Zeus, mfumu ya milungu. Amanyamuka ndi anzake awiri, Annabeth ndi Grover, m'thumba ali ndi bolopeni imene ukaivula chotsekera imasanduka lupanga.

Mitu yake ndi yaifupi, nthabwala zili pa tsamba lililonse, ndipo Percy amafotokoza yekha nkhani yake ngati mnyamata amene akudandaulira mnzake pa nthawi yopuma kusukulu. Mwana amene sanamalizepo buku lachingerezi akhoza kumaliza limeneli. Pa mfundo imeneyi palibe buku lina pa mndandandawu limene lingapikisane nalo.

Zofooka zilipo. Nthabwala zambiri zimadalira kuti mumadziwa zakudya, masewera ndi masitolo a ku America, ndiye zina zimangodutsa osakugwirani. Komanso nthano zenizeni za Agiriki n'zauve ndi zankhanza kuposa zimene zili m'bukumu. Riordan anazichapa kuti ziyenere ana, choncho amene akufuna kudziwa Zeus weniweni wa m'nthano asaime pamenepa. Chachitatu, mukawerenga mabuku atatu otsatizana mumagwira njira yake: ulosi, anthu atatu pa ulendo, tsiku loti zonse zikhale zitatheka. Ufa ndi womwewo, amangosintha ndiwo.

The Red Pyramid ya mu 2010 ndi ya Riordan yemweyo, koma yolemera. Masamba ake amapitirira 500, pomwe The Lightning Thief sifika 400. Carter Kane wa zaka 14 ndi mlongo wake Sadie wa zaka 12 anakulira kosiyana mayi awo atamwalira: Carter akuyendayenda ndi bambo awo, katswiri wa mbiri ya Egypt wakale, Sadie ali kwa agogo ku London. Usiku woti mawa ndi Khirisimasi bamboyo amawatengera ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale, amaphulitsa mwala wakale wa ku Egypt wotchedwa Rosetta, ndipo milungu isanu imamasuka: Osiris, Isis, Horus, Set ndi Nephthys. Anawa si ana a milungu ngati Percy. Ndi zidzukulu za mafumu akale a ku Egypt, ndipo milungu imatha kukhala mwa iwo, Horus mwa Carter ndi Isis mwa Sadie. Ganizo limeneli, loti mzimu ungakhale mwa munthu n'kumalankhula naye m'mutu, kwa wowerenga wa kwathu silifuna kufotokozera kwambiri.

Ndimakonda zinthu ziwiri m'mabuku a Kane. Choyamba ndi kafotokozedwe: nkhaniyo ili ngati mawu ojambulidwa, Carter ndi Sadie akulandizana maikolofoni uku akunyozana monga amachitira ana a mimba imodzi. Chachiwiri ndi nkhani ya khungu. Bambo awo ndi munthu wakuda wa ku America, mayi anali mzungu wa ku Britain. Carter anatengera bambo, Sadie anatengera mayi, ndipo anthu sakhulupirira kuti ndi pachibale. Bambo ake amamuphunzitsa Carter kuti azivala mwaudongo nthawi zonse chifukwa mnyamata wakuda anthu amamuyang'ana ndi diso lina. Percy sakumana ndi zimenezi.

Chokhumudwitsa n'chakuti Egypt ali mu Africa muno, koma gawo lalikulu la buku loyamba likuchitikira ku America, ndipo piramidi yofiirayo ikumangidwa ku Arizona. Mayina ndi malamulo a matsenga amachulukanso. Pali Nyumba ya Moyo, pali Ma'at amene ndi dongosolo la chilengedwe, pali Apophis njoka ya chisokonezo, pali zigawo za mzimu wa munthu. Wokonda mbiri amasangalala, koma wongofuna kuthamanga ndi nkhani amatopa pakati. Ubwino wake ndi woti mabuku ndi atatu okha, ndipo nkhani imatheratu mu The Serpent's Shadow ya mu 2012.

Tsopano Akata Witch, imene Nnedi Okorafor anatulutsa mu 2011. Pano mpweya umasintha kuyambira tsamba loyamba. Magetsi azima, mtsikana wayatsa kandulo, ndipo m'lawi lake akuona kutha kwa dziko. Amayandikira kwambiri mpaka tsitsi lake kugwira moto. Dzina lake ndi Sunny Nwazue, wa zaka 12, wobadwira ku New York kwa makolo a mtundu wa Igbo amene anabwerera kwawo ku Nigeria iye ali ndi zaka 9. Ndi wachialubino, amakonda mpira koma dzuwa limamuletsa kusewera masana, ndipo kusukulu amamunyoza pa zonse ziwiri, khungu ndi kalankhulidwe kake ka ku America.

Dziko la matsenga limene Sunny amalowamo lili ndi zinthu zimene sindinazione m'buku lina. Ndalama zawo, zotchedwa chittim, sazigwirira ntchito: zimagwa kuchokera m'mwamba munthu akaphunzira chinthu chatsopano, ndipo za kopa ndi zamtengo kuposa za golide. Munthu wolemekezeka kumeneko ndi wodziwa zambiri. Muli zilembo zakale za nsibidi, zimene zilikodi kum'mwera chakum'mawa kwa Nigeria, koma m'bukumu zimayenda patsamba. Aliyense ali ndi nkhope yake yauzimu imene saionetsa wamba. Mulinso zilombo zovina zimene si anthu ovala zigoba ayi koma mizimu yeniyeni, ndipo amene anakulira kumene kuli Gule Wamkulu amva mantha a ana a m'nkhanimo popanda womuuza. Mdani wawo, Black Hat Otokoto, amaba ana n'kuwapha kapena kuwadula ziwalo pochita zizimba.

Apa ndi pamene mtunda uja umaonekera. Palibe kholo la kwathu limene lingade nkhawa kuti mwana ayamba kupembedza Poseidon. Koma buku lokhala ndi mawu onena za ufiti pachikuto pomwe, lofotokoza za ana amene amazemba usiku kukaphunzira matsenga makolo ali m'tulo, m'nyumba zambiri lidzafunsidwa mafunso. Sindikunena kuti makolowo akulondola. Ndikungoti amene akugulira mwana wa mchimwene wake aganizire kaye za nyumba imene bukulo likukalowa.

Pali chinanso chachikulu kuposa chimenechi. Riordan ndi Okorafor anagwiritsa ntchito nzeru imodzi: chimene anthu amachiona ngati chilema chimasanduka mphamvu. Percy amavutika kuwerenga Chingerezi chifukwa ubongo wake unapangidwira Chigiriki chakale, ndipo kusakhazikika kwake ndi kumene kumamupulumutsa pa nkhondo. Mu Akata Witch, mnzake wa Sunny dzina lake Orlu nayenso ali ndi dyslexia, ndipo mphatso yake ndi yomasula matsenga amene ena amanga. Mpaka pamenepa zili bwino, ndipo mwana amene amatsalira m'kalasi akhoza kulimba mtima. Koma Sunny mphatso yake yalumikizidwa ndi chialubino chake: amatha kuzimiririka n'kudutsa pakati pa dziko lino ndi la mizimu, ndipo atalowa m'gulu la anthu a matsenga dzuwa limasiya kumuwotcha.

Wowerenga wa ku Boston akhoza kuona zimenezi ngati chilimbikitso basi. Ku Malawi, bodza loti thupi la munthu wachialubino lili ndi mphamvu zachilendo lapha anthu. Amnesty International inalemba mu 2016 kuti anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'dziko muno kuchokera mu Novembala 2014, ndipo manda a ena anafukulidwa. Okorafor ali kumbali ya Sunny, zimenezo n'zoonekeratu: anamulemba ngati mtsikana wanzeru, wamakani, wogoletsa zigoli, osati chinthu chochititsa chisoni, ndipo opha ana ndiwo adani m'bukumo. Komabe chingwe chimene chikulumikiza khungu lake ndi mizimu ndi chomwecho chimene anthu akuyesetsa kudula kuno. Nkhani ya dzuwa nayo ndi yofunika kuisamala, poti mwana wachialubino weniweni amafunika chipewa, zovala zofunda mikono ndi mafuta oteteza khungu moyo wake wonse. Ndiye bukuli ndimaliyamikira kuposa ena awiriwo pa luso ndi pa kuya kwake, koma sindingalipereke kwa mwana wa ku pulayimale n'kuchokapo. Ndi buku loti wamkulu awerenge kaye, kenako akambirane ndi mwanayo.

Ena adzafunsa za Children of Blood and Bone ya Tomi Adeyemi, ya mu 2018. Imeneyo ndi ya achinyamata okulirapo. Dziko lake, Orïsha, ndi lopeka koma lomangidwa pa chikhulupiriro cha Ayoruba, chimene si nthano zakufa ayi, anthu akuchitsatirabe ku Nigeria, ku Brazil ndi ku Cuba. Zélie anaona mayi ake akuphedwa pamene Mfumu Saran inkathetsa matsenga m'dzikomo, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene umayendetsa buku lonse. Mlembiyo ananena yekha kuti analemba akuganizira anthu akuda ophedwa ndi apolisi ku America. Muli kuzunza, muli magazi, muli chikondi chimene kwa ine chinafulumira kwambiri, ndipo nthabwala ndi zochepa. Masamba amapitirira 500 ndipo limathera m'malere kuti mugule lotsatira.

Magnus Chase, wa Riordan yemwe uja kuyambira mu 2015, ndi wa nthano za ku Scandinavia, za Thor, Loki ndi Odin. Mnyamatayo amagona m'misewu ya Boston ndipo amamwalira kumayambiriro kwenikweni, nkhani n'kupitirira ku hotela ya ankhondo akufa. Muli Samirah, mtsikana wachisilamu, ndi Hearthstone amene samva ndipo amalankhula ndi manja. Ndi okoma, koma amakoma kwambiri kwa amene anadziwa kale Percy, popeza Magnus ndi msuweni wa Annabeth.

Ndiye kusankha kwanga kuli motere. Mwana wa Sitandade 7 kapena Fomu 1 amene mukufuna kuti azolowere kuwerenga, mupatseni The Lightning Thief ndipo musamuvutitse ndi mafunso, adzabwera yekha kudzafunsa lachiwiri. Amene amakonda kale mbiri ndipo buku lonenepa silimuopsa, ana a Kane amuyenera, makamaka ngati mukufuna nkhani yotha ndi mabuku atatu. Mabuku a dziko la Percy ndi msampha wa thumba: pambuyo pa asanu oyamba pali asanu a The Heroes of Olympus, asanu ena a The Trials of Apollo, ndipo mu 2023 Riordan anabwereranso kwa Percy ndi The Chalice of the Gods. Koma ngati ndinu wamkulu kapena muli kumapeto kwa sekondale ndipo mukudzigulira nokha, tengani Akata Witch, kenako Akata Warrior ya mu 2017 ndi Akata Woman ya mu 2022. Mungosamala chinthu chimodzi pogula: ku Nigeria ndi ku Britain buku loyambalo linasindikizidwa ndi dzina lakuti What Sunny Saw in the Flames, ndiye mukaona mayina onse awiri musalipire kawiri, nkhani ndi yomweyo.