Ofesi ya loya ku Down Shops: K600 yanga inagula chiyani?

Kuonana ndi loya pa ofesi iyi ya ku Chipata ndi K600, yolipiratu musanakhale pampando. Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Mlongo wanga ali m'ndende ya boma la Texas ku America. Ndende zambiri kumeneko zilibe makina oziziritsa mpweya, iye ndi wa BP, ndipo kalata iliyonse amangodandaula za kutentha. Ndinapita ndi maganizo oti aloya amutsegulire mlandu. Anandidula msanga: "Mayi, chilolezo changa chimathera pa Mwami," kutanthauza pa malire a Zambia ndi Malawi. Wina akanangolandira ndalama n'kumandiuza kuti bwerani mawa.

Ola lonselo anathera pondilongosolera njira. Wandende wa ku Texas akhoza kusumira oyang'anira ndende ku khoti la federal (la boma lalikulu la America) pogwiritsa ntchito Section 1983, lamulo losumira akuluakulu a boma ophwanya ufulu wa munthu, poti Eighth Amendment, gawo la malamulo aakulu a dzikolo, imaletsa chilango chankhanza. Koma msampha uli poyambira. Lamulo la 1996, Prison Litigation Reform Act, limafuna kuti ayambe wamaliza madandaulo onse a m'ndende momwemo. Ku Texas fomu yoyamba ya dandaulo, Step 1, imaperekedwa pasanathe masiku 15 chichitikireni vutolo, kenaka Step 2, ya apilo. Akalumpha imodzi, woweruza akhoza kutaya mlandu asanamve n'komwe za kutenthako. Apa aloya anagogoda tebulo, nandiuza kuti ndimulembere mlongo wangayo tsiku lomwelo.

Kuvutika pakokha sikukwanira. Wandende ayenera kuonetsa kuti akuluakulu a ndende ankadziwa za ngoziyo koma sanasamale, choncho kapepala kalikonse kopempha kuonana ndi dokotala asunge. Ndalama yotsegulira mlandu ndi $350. Wosauka amamudula pang'onopang'ono mu akaunti yake ya kundende, kutanthauza ndalama ya sopo imene ndimatumiza ine. Milandu itatu ikatayidwa kuti ndi yopanda pake, mwayi wolipira pang'onopang'onowo umatha, pokhapokha moyo uli pangozi.

Aloya anatchulakonso za kwathu kuno ku Zambia, kuti mu 2019 Supreme Court inagamula mokomera George Mwanza ndi Melvin Beene, akaidi a ku Lusaka Central amene anasuma chifukwa cha chakudya ndi kuthithikana. Sindinkaudziwa mlandu umenewu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha benchi yodikirira imene ili padzuwa, komanso mlembi amene amalipiritsa K5 pa tsamba lililonse losindikiza, pamwamba pa K600 ija. Aloyanso akatenthedwa ndi nkhani amathawira ku Chingelezi, muziwabweza, sakwiya.

Pitani m'mawa ndi makalata onse a wandendeyo. Masana aloya amakhala ali ku khoti.