Chipupa chinawonongeka ku Free State, malipiro anga n'kupita nacho

Ndabwerera ku Chinsapo chimanjamanja, ndiye amisiri anzanga amene mukulota za ku Joni tamverani.

Ajenti amene ananditenga anati ntchito yomanga ilipo kufupi ndi Bethlehem, tawuni ya m'chigawo cha Free State ku South Africa, malo ogona ndi aulere. Nditafika anayamba kundidula R900 pamwezi ya chipinda cha malata, kuwonjezera R1,500 ya "mapepala" imene sanaitchulepo tili kuno. Izi ndinapirira. Chinandimaliza ndi chisanu.

Kuno ku Lilongwe tinazolowera kunyowetsa njerwa ndi kuthirira chipupa madzulo kuti simenti igwire, ndipo ngakhale mu Juni palibe chimachitika chifukwa madzi saundana. Kumeneko mu Julaye madzi a mu ndowa ankadzuka ali gwa ngati mwala. Ine ndinathirira monga mwa masiku onse, kapitawo akuona, osanena kanthu. Patatha masabata awiri pulasitala anayamba kusupuka, simenti ya pakati pa njerwa ndikuifikisa ndi chala ngati ufa. Bwana anandidula R4,200. R4,200, abale, pa chinthu chimene palibe anandichenjeza!

Anandimasula maso ndi ajenti wina, bambo wachikulire wa ku Lesotho, amene sananditengere ngakhale senti. Anati madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti. Njerwa ili ndi timabowo tosaoneka, ndipo tikadzaza madzi usiku n'kuzizira kufika pansi pa 0, ayeziyo amakankha kuchokera m'kati. Kukacha asungunuka, usiku aundananso, mpaka nkhope ya njerwa ithetheka. Njerwa youma siwopsa, yokhuta madzi ndiyo imaphedwa. Anandionetsa kuyeza njerwa pa sikelo ili youma, kuiviika m'madzi maola 24, n'kuiyezanso. Kulemera kwake kukawonjezeka kwambiri, dziwani kuti imamwa madzi ndipo chisanu chingaidye msanga, makamaka m'mizere ya pansi yokhudza dothi lonyowa ndi pamwamba pa mpanda.

Musanyengedwe ndi zithunzi za pa Facebook za anzanu atavala majekete. Luso lanu la ku Area 25 silidziwa chisanu. Kukazizira kufika madigiri 3, kanani kumanga, ngakhale kapitawo akalipe. Muunjiko wa njerwa muzivundikira ndi pulasitiki, chipupa chatsopano muzichifunditsa ziguduli dzuwa lisanalowe. Ndipo musanakwere basi, ajentiyo alembe papepala kuti ntchito ikawonongeka ndi nyengo adzalipira ndani. Akakana kulemba, ndalama ya basiyo gulirani feteleza.