Patha miyezi 8 ndikutsegula mafayilo ndi QR code

Miyezi 8 yapitayo ndinamata timapepala ta QR code pa mabokosi a mafayilo, pa printa, ngakhale m'mphepete mwa sikirini. Maganizo anga anali akuti ndikaloza sikana pa kapepala, kompyuta izitsegula yokha fayilo kapena pulogalamu yokhudza chinthucho, ine osavutikanso kulowa foda iyi n'kutuluka iyo. Timapepala tambiri ndinatisiya kale. Totsalato, ngakhale ndi tochepa, sindingalole kuti munthu atimatule.

Sikana ya USB kompyuta imaiona ngati kiyibodi. Ikawerenga kodi imangotayipa zimene zili mkatimo mothamanga, kenako n'kudina Enter. Kapulogalamu kamene ndinalemba mu AutoHotkey, chida cholembera timapulogalamu toyang'anira zotayipidwa pa kiyibodi, kamadikira mawuwo n'kutsegula fayilo. Foni pano ilibe ntchito, chifukwa adiresi ya fayilo imaloza m'kompyuta, osati pa intaneti. Ndipo pogula muonetsetse kuti sikanayo ndi ya 2D, poti zija za kamzere kofiira ka laser zimangowerenga ma barcode a mizeremizere.

Cholakwa changa chachikulu chinali kuika adiresi yonse ya fayilo mu kodi. Zinkayenda bwinobwino mpaka mwezi wachitatu, pamene ndinasintha dzina la foda imodzi pofuna kulongosola zinthu. Timapepala tonse toloza mufodamo tinafa tsiku lomwelo. Fayilo imasamuka, imasintha dzina, koma chimene chasindikizidwa papepala sichisuntha. Ndinakhala madzulo onse ndikukanda zomata ndi chikhadabo.

Tsopano kodi iliyonse ili ndi kanambala kakafupi chabe, monga F012. Adiresi yeniyeni ili mu tebulo limodzi m'kompyuta: F012 kumanzere, komwe fayilo ili kumanja. Fayilo ikasamuka ndimakonza mzere umodzi, pepala osalikhudza. Izi zinathetsanso vuto lina limene sindinkalidziwa gwero lake. Kodi yaing'ono kwambiri imakhala ndi timabokosi 21 m'litali ndi 21 m'lifupi, ndipo mawu akamachuluka timabokosi timachuluka mpaka 177. Adiresi yaitali pa kapepala kochepa imatulutsa timadontho tothithikana, sikana n'kumachita kuisinzinira. Kanambala kakafupi kamapereka timabokosi tikulutikulu towerengeka msanga, komanso malo amatsala oti musankhe mlingo H, umene umalola kodi kuwerengeka ngakhale pafupifupi 30 peresenti itawonongeka. Ya pa printa ili ndi banga la inki pakati, koma imagwirabe.

Panalinso kavuto kamene kanandizunguza mutu sabata yoyamba. Sikana inatcheredwa pa kiyibodi ya US, kompyuta ili pa ya UK, ndiye paliponse pamene panali \ pankatuluka #. Ndi nambala ngati F012 nkhani imeneyi kulibe.

Za pepala ndingonena mwachidule: musasindikize pa lija la malisiti, lolembedwa ndi kutentha. Timene ndinamata pafupi ndi windo tinayera mbuu dzuwa litatiwomba miyezi ingapo. Inki wamba ndi tepi yoonekera mkati pamwamba pake zakhalitsa, ngakhale tepi yonyezimira nthawi zina imathobwa sikana.

Timene tatsala ndi ta zinthu zimene ndimakhala nditazigwira kale m'manja. Ndikanyamula bokosi la malisiti, kodi yake imatsegula tebulo la ndalama la chaka chomwecho. Printa ikakana kukoka pepala, kodi ya pambali pake imabweretsa buku lake la malangizo. Mpake, popeza kampani ya Denso Wave ya ku Japan inapanga QR code mu 1994 pofuna kutsata zipangizo za galimoto m'fakitale, zinthu zogwirika ndi manja. Koma kodi zotsegulira imelo kapena Word zinali zachibwana. Pofika potola sikana, mbewa ikanatsegula kalekale.

Chimene chikundisowetsabe mtendere n'chakuti sikana imatayipa paliponse pamene pali potsegula. Tsiku lina ndinasikana bokosi ndili mkati molemba uthenga, kapulogalamu kanga katatseka osadziwa, ndipo F012 ndi Enter wake zinapita kwa mnzanga wa kuntchito. Anayankha kuti, "Achimwene, F012 ndiye chiyaninso?" Kuyambira pamenepo kapulogalamuko ndinakaika kuti kaziyamba kokha kompyuta ikangoyaka.